Ndalowa mitala pa laputopu

Ine ndi munthu wa mkazi mmodzi. Ndanena zimenezi poyambirira kuti akuluampingo akwathu akamawerenga asayambe kuimbirana mafoni. Mitala yomwe ndalowayi ndi ya pa laputopu, ndipo anandilowetsa ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira za makompyuta pakoleji ina ku Blantyre.

Laputopu yangayo ndi HP yokalamba, ya gulu lija ogulitsa amati ex-UK, kutanthauza kuti mzungu wina anaigwiritsa ntchito mpaka kutopa nayo, n'kuitumiza kuno kuti idzafere m'manja mwanga. Ndimalembera makalata ndi mainvoisi pakaofesi kathu ku Area 4, chakuseri kwa msewu wa Paul Kagame. Batire yake inatisiya kalekale. Mukangozula chaja, nayo imatsinzina pomwepo. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayo kutsogoloku.

Nkhani inayamba pomwe Microsoft inalengeza kuti pa 14 Okutobala 2025 isiya kusamalira Windows 10. Ofuna chitetezo asamukire ku Windows 11. Koma Windows 11 ndi dona wa m'tauni: asanalowe m'nyumba amayamba wafunsa ngati muli kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya masiku ano. Laputopu yanga inagwa pa funso loyamba lomwe.

Mphwangayo anali pa holide kwathu. Anaiyang'ana monga amayang'anira ng'ombe yowonda pamsika, n'kunena kuti, "Ankolo, ikanimo Ubuntu. Ndi yaulere."

Pali mawu awiri omwe amandichotsa nzeru: "yaulere" ndi "alawansi". Ndinakoka mpando.

Anandilongosolera kuti Ubuntu ndi wa fuko la Linux, lomwe anayambitsa mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991 adakali pasukulu. Ubuntu weniweniyo anabadwa mu 2004, ndipo mwini filimu ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yemwe mu 2002 anakwera chombo kupita mumlengalenga n'kubwerako wamoyo. Dzinalo akuti ndi umunthu wathu womwewu. Ndinaganiza kuti chinthu chotchedwa umunthu sichingandichite chipongwe, komanso munthu woti anakafika kumwamba n'kubwerera sangalephere kalaputopu ka ku Area 4.

"Nanga Windows wangayu ndimuthamangitse?"

"Ayi ankolo, mupanga dual boot."

Ndinayamba kuona galimoto ya mabuti awiri, ina ya matumba a chimanga, ina ya nkhuku. Iye anati ayi, onse awiri azikhala mu hadi disiki imodzi, aliyense chipinda chake, ndipo poyatsa ndizisankha kolowa.

"Iwe, si mitala imeneyo?"

"Eya ankolo, koma iyi ilibe nsanje."

Mwanayu sanakwatire, mumukhululukire.

Anabwerera kusukulu atandisiyira malangizo pa WhatsApp. Langizo loyamba linali loti ndikopere zonse za mu laputopumo pena pake. Ndinalidumpha monga timadumphira kapepala ka m'bokosi la mankhwala. Kukopera n'kwa anthu amantha.

Ubuntu ndi waulere, inde, koma yemwe ndinamufunayo, wa 24.04, amalemera pafupifupi 6GB, ndipo sabwera wapansi. Amakwera bandulo. Ndinagula yausiku, n'kuchezera ngati pamaliro, ndikuyang'ana kamzere kakukwawa. Kutacha panafunika fulashi. Ndinabwereka ya mayi akunyumba, momwe munali nyimbo za kwaya yawo ya Chigwirizano. Kapulogalamu kotchedwa Rufus, kamene kamaika Ubuntu pa fulashi, kanandichenjeza bwinobwino kuti zonse zili momwemo zifufutika. Kanachita mbali yake. Koma ine batani la OK ndimalidina ngati kuyankha moni, osaganiza. Amayi a Chigwirizano anakhala chete onse nthawi imodzi.

Lachisanu masana, abwana atapita kokaona munda, ndinatseka chitseko cha ofesi n'kuyamba ntchito. Kuti kompyuta iyambire pa fulashi, pali batani loti udine itangoyaka kumene, chizindikiro cha kampani chisanachoke. Vuto n'loti kampani iliyonse inasankha lakelake. Dell amati F12, HP amati F9 kapena Esc, ndipo F10 pa HP imakulowetsa ku BIOS, chipinda cha mdima chomwe mwininyumba salowamo popanda chifukwa. Ine zonsezi ndazidziwa pano. Tsikulo ndinkangomenya mzere wonse wa pamwamba ndi zala zisanu ndi zitatu, ngati woimba kiyibodi pa chitsitsimutso. Kasanu konse Windows anatulukira akumwetulira ngati sakudziwa chomwe ndikumukonzera. Kachisanu ndi chimodzi chala china chinagwera poyenera.

Ndiye ndinafika pogawa malo. Apa ndi pomwe munthu umadziwira kuti sukulu unapitira phala.

Drive C, yomwe ndakhala nayo zaka zonsezi, kunalibe. Kunali sda1, sda2, sda3, sda4, maina ngati manambala a akaidi. Kena kanali kakang'ono zedi, mwina 100MB, ndipo mtima unati kachotse, kakungodya malo. Ndinamva pambuyo pake kuti kameneko ndi ka EFI, kosungira makiyi a zipinda zonse. Chinandiletsa si nzeru, ndinangosowa podina. Panalinso zosankha: kuika Ubuntu pambali pa Windows, kapena kufufuta hadi disiki yonse n'kumusiya Ubuntu yekha. Ziwirizi anazindandalika moyandikana, ngati kukumba chitsime pakhomo pa chipinda cha mlendo. Ndinawerenga katatu ndi chala, n'kusankha zokhala pambali.

Kwathu ku Dowa, kusuntha malire a munda ndi nkhani ya anyakwawa, mboni, ankhoswe ndi nkhuku. Pano ndinangokoka kamzere ndi chala, Windows n'kulandidwa theka la munda wake popanda bwalo. Ndinadzimva ngati bwanamkubwa. Ndinadina kuti ntchito iyambe. Kompyuta inandiuza kuti ikusuntha malire, ndisaisokoneze.

Magetsi anathima.

Mukukumbukira za batire zija?

Sindikuloza chala aliyense. Aliyense wokhala mu Lilongwe amadziwa kuti magetsi ndi mlendo, amabwera ndi kupita osatsanzika. Wolakwa ndi munthu wamkulumkulu, wa imvi zake, yemwe anayamba opaleshoni wodwala ali pa mpweya wobwereka. Atayaka madzulo, ndinayatsa laputopu. Windows kulibe. Ubuntu kulibe. Panali timawu toyera pa mdima, tondiuza kuti kompyuta sikupeza poyambira. Mapanga awiri anandivumbwitsa dzuwa likuswa mtengo.

Ndinaimbira mphwanga. Anafunsa funso limodzi lokha: "Ankolo, munakopera zija?" Ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, n'kudula.

Mu hadi disikimo munali mainvoisi a zaka zitatu ndi zithunzi za chinkhoswe cha mwana wathu woyamba. Koma chomwe chinanditulutsa thukuta ndi china. Mayi akunyumba ndi msungichuma wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu, ndipo chaka chatha ine ndemwe ndinawanyengerera kuti asiye kulemba m'kope, dziko linapita patsogolo, ndiziwalembera mu Excel. Masheya onse, ngongole zonse, chiwongoladzanja chonse, zinali mmenemo. Ndinayamba kuona amayi aja atazungulira nyumba yanga, zitenje atamanga m'chiuno.

Loweruka m'mawa ndinaoloka mlatho wa Lilongwe laputopu ili kukhwapa, kulowera cha ku Malangalanga, komwe kuli anyamata okonza mafoni ndi makompyuta m'timashopu tong'ambika pakati. Yemwe ndinamupezayo anali wamng'ono kuposa nsapato zomwe ndinavala. Anamvetsera nkhani yanga akukukuta chimanga chootcha.

"Bigi, backup ilipo?"

"Inalipo m'maganizo."

Sanaseke. Anthu ngati ine amationa tsiku lililonse. Anatsegula laputopu kumimba, kuchotsa hadi disiki, kuilumikiza ku kompyuta yake, n'kuyamba kuvuula zomira. Zithunzi za chinkhoswe zinatuluka, mainvoisi ambiri anatuluka. Excel ya amayi inatuluka dzina lokha, m'kati muli zilembo ngati nkhuku yapalasa. Kenaka anaika Windows, n'kuika Ubuntu pambuyo pake. Anati dongosolo lake ndi lomwelo: wamkulu ayambe kulowa, chifukwa akalowa pomaliza amakonda kukhala pakhomo ngati m'nyumbamo mulibe wina. Zonsezi anachita pa inveta, dzanja limodzi, linalo lili pa chimanga. Ndalama yomwe ndinamupatsa sindiitchula. Ndingoti chinthu chaulere chija chinadya ndiwo za sabata yathunthu.

Usiku ndinadikira ana agone. Ndinayamba ndi mbiri ya Linus Torvalds, kudzera ku Finland, kutsikira ku South Africa, mpaka ndinafika pa Excel. Mayi anandimvetsera osaphethira. Kenaka analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kope lachikuto cholimba lija, lolembedwa mpaka Lamulungu lapitali, tambala iliyonse pamalo pake.

"Bambo a ana, mumayesa ndingasiye ndalama za eni ake m'chinthu choti chimakomoka magetsi akathima?"

Ndinapuma mpweya womwe ndinausunga kuyambira Lachisanu.

"Fulashi yanga ija mwamaliza nayo? Mawa tili ndi pulakatisi."

Za usiku umenewo tidzakamba tsiku lina.

Tsopano mitala ija ili m'nyumba, ndipo nsanje yomwe mphwanga anati kulibe ndikuiona ndi maso. Tsiku loyamba Ubuntu anakana kuona Wi-Fi ya muofesi. Kuti aione pankafunika kadalaivala, ndipo kadalaivalako kali pa intaneti. Ndiye kuti upeze intaneti uyambe wapeza intaneti. Ndinachita kumangirira foni ndi chingwe kuti abwereke ya m'fonimo, bandulo inanso n'kupita.

Kenaka ndili mu Ubuntu ndinafuna kukonza kalata yomwe ili mbali ya Windows. Kuiona ndinkaiona, koma kusintha ngakhale kadontho, ayi. Mnyamata wa chimanga uja anandiuza pafoni kuti Windows ali ndi khalidwe lotchedwa Fast Startup: ukamuzimitsa sagona tulo teniteni, amangotsinzina makiyi a kabati atamangirira pa chitenje, kuti mawa adzuke msanga. Mnzakeyo akaona choncho sakhudza kanthu, kuopa mlandu.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri ndi wotchi. M'kompyuta muli kawotchi kamodzi kokha. Ubuntu amakatchera pa nthawi ya dziko lonse, ya UTC, n'kumawonjezera yekha maola awiri a kuno kwathu. Windows akabwera amakawerenga momwe kalili, n'kuyesa ndiyo nthawi ya Malawi. Lolemba ndinayamba ndacheza ndi Ubuntu, kenaka n'kubwerera kwa Windows kukagwira ntchito, bandulo itatha, moti panalibe womuwongolera. Mimba inandiuza kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana. Kompyuta inati ili 10 koloko. Ndinakhulupirira kompyuta, poti ndi yophunzira. Itati 12 koloko ndinanyamuka monyadira kupita kwa mayi amene timadyako nsima kuseri kwa mashopu, n'kuwapeza akutsuka miphika.

"Achimwene, lero munali kumaliro? Yatsala nyemba ya pansi pa poto."

Ndinadya nyemba ya pansi pa poto, ndi nsima yozizira, pa mtengo wa nkhuku.

Panopa m'mawa uliwonse ndikayatsa laputopu pamabwera kachikwangwani kakuda kotchedwa GRUB, nkhoswe ya banjali, kondifunsa kuti lero ndilowa kwa yani. Kamandipatsa masekondi 10. Ubuntu anadzilemba pamwamba, Windows ali pansi, ndipo ndikachedwa kusankha amandilowetsa kwa wamng'onoyo, komwe mpaka lero sindidziwa kuti pulinta amaiitana bwanji. Choncho kuyambira mwezi watha sindithira tiyi, sindiyankha moni, sindiyang'ana kumbali. Ndimakhala chilili, chala chili pa batani lotsitsira, maso ali tong'o. Dzulo abwana analowa nthawi yomweyo n'kundiitana. Ndinawauza kuti adikire kaye, atsala masekondi 6.