Kasankhidwe ka Choyezera Mchere kwa Ofuna Nyanja Pabalaza

Munthu wa ku Chipata akapeza ndalama amayamba ndi mpanda wa njerwa. Kenako geti yotsegula ndi limoti, kenako galu wodya zam'sitolo. Akamaliza amazindikira kuti aneba onse ku Kalongwezi ali nazo kale zimenezi. Apa m'pamene wapamwamba weniweni amaganiza zoika nyanja pabalaza. Sindikunena dziwe la nsomba lokumba kudimba ayi, ndikunena nyanja yamchere, m'thanki yagalasi, mosambira kansomba ka mizere yoyera kamene ana anakaona m'filimu ya Finding Nemo ya 2003. Filimuyo ndi ya nsomba imene ikuvutika kuthawa m'thanki ya dokotala wa mano ku Sydney, koma mbali imeneyo musaiganizire, abwana.

Chovuta n'chimodzi chokha: dziko la Zambia lilibe gombe. Njanji imene anaitsegula mu 2010 kuchoka kuno kupita ku Mchinji imakafika ndithu ku doko la Nacala ku Mozambique, mtunda woposa makilomita 1,000, koma mukati mudikire kuti madzi a m'nyanja abwere pa sitima imeneyo, nsomba zanu zidzakalamba zili m'chikho. Ndiye nyanja muzisakaniza nokha. Madzi a m'nyanja ali ndi mchere wokwana magalamu 35 pa kilogalamu iliyonse, zimene odziwa amalemba kuti 35 ppt. Thanki ya malita 200 ifuna mchere wa makilogalamu 7 kapena kuposerapo pang'ono. Ogulitsa nsomba zokongoletsera ku Lusaka ndi ku Johannesburg adzakuuzani kuti mugule mchere wapadera wa m'ndowa, chifukwa mchere wa m'nyanja si wathu wakukhitchiniwu wokha: pa magawo 100, pafupifupi 15 ndi magnesium, sulphate, calcium ndi potassium, ndipo makorali amamangira mafupa awo calcium ameneyo. Ameneyo ndi malonda chabe. Pitani ku Saturday Market mukagule wa ayodini uja. Makorali akafa adzafa opanda chithokomiro chotupa.

N'chifukwa chiyani mchere uyenera kuyezedwa? Nsomba ya m'nyanja yamchere imakhala ikutaya madzi a m'thupi mwake nthawi zonse, chifukwa madzi amathamangira kumene kuli mchere wambiri. Kuti isaume ili m'madzi, imamwa madzi amcherewo tsiku lonse n'kumatulutsa mcherewo kudzera m'ziwalo zake zopumira za m'mbali mwa mutu. Ntchito imeneyi thupi lake linaizolowera pa mlingo umodzi. Mukausintha mwadzidzidzi, nsomba imayamba kusambira chammbali, ndipo alendo amayamba kufunsa mafunso.

Njira zoyezera zilipo zingapo. Yoyamba ndi lilime la amayi a kunyumba, amene akhala akuyeza mchere wa ndiwo zaka zambiri popanda wodandaula poyera. Ndi yotchipa, koma yankho lake limabwera ndi ndemanga zokhudza ndalama za sukulu za ana. Yachiwiri ndi kabokosi kapulasitiki kokhala ndi muvi woyandama, kotchedwa hydrometer. Kathovu kamodzi kakamatirira pa muviwo, kamakuuzani kuti muli ku Nyanja Yakufa. Komanso kamaoneka ngati chidole cha mwana. Yachitatu ndi refractometer, ndipo ndi imene ndikukulangizani, chifukwa poigwiritsa ntchito mumatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana kumwamba ngati mwini sitima yapamadzi. Muzichita izi muli pakhonde, nthawi imene aneba akuweruka.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mthiko ukauviika m'ndowa ya madzi umaoneka ngati wathyoka, chifukwa kuwala kumakhota kukamalowa m'madzi. Madzi akakhala ndi zosungunuka zambiri, kuwalako kumakhotanso kwambiri. Mumadonthetsa madontho awiri kapena atatu pa kagalasi kopendama, n'kuvundikira ndi kachivundikiro kake, ndipo mukasuzumira mumaona buluu kumwamba, zoyera kunsi. Pamene ziwirizi zakumana, pamenepo ndiye pali nambala yanu: 35 mbali imodzi, 1.026 mbali inayo. Amene anafotokoza chipangizo cha mtundu umenewu mu 1874 ndi Ernst Abbe, wa ku fakitale ya Carl Zeiss mumzinda wa Jena ku Germany. Mayinawa muwaloweze. Apongozi akabwera, muwatchule onse atatu musanawapatse madzi akumwa.

Tsopano pa kasankhidwe penipeni. Lamulo lalikulu n'lakuti musafunse munthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma iwo analibe foni yogulira zinthu pa intaneti. Ma refractometer am'manja onse amafanana: kachubu kachitsulo, kogwirira kakuda, kabokosi kokongola. Kusiyana kwake kuli m'kati, pa manambala. Chifukwa chipangizochi sichidziwa mchere. Chimangodziwa kukhota kwa kuwala, ndipo wopanga ndiye amalemba manambala molingana ndi chimene akufuna kuyeza. Kuli cha shuga, cha manambala a Brix kuyambira 0 mpaka 32, cha mtundu umene amayezera madzi a nzimbe ku Nakambala ndi ku Dwangwa. Mukagula chimenecho, nyanja yanu idzaonetsa ka 4 chabe, ndipo mudzathira mchere mpaka supuni itaima chilili pofunafuna 35 amene kulibe. Kuli cha uchi, chimene ogula uchi amaonera ngati mlimi wathiramo madzi kapena wafula usanakhwime, popeza uchi wa madzi oposa magawo 20 pa 100 umasasa. Kuno kum'mawa, kumene alimi ambiri amagulitsa uchi ku COMACO, chimenecho n'chimene chili ndi ntchito yeniyeni, koma madzi anu a m'thanki sadzafika n'komwe pa nambala yake yoyamba: mudzangoona buluu wokhawokha. Kuli cha amakanika choyezera madzi a batire ndi a radiyeta. Kulinso cha kuchipatala choyezera mkodzo. Chimenechi chili ndi manambala ofanana ndi anu, 1.020, 1.030, moti mukhoza kukhala nacho chaka chathunthu mukukhulupirira kuti zonse zili bwino. Sankhani chimene chithunzi chake chili ndi nyenyezi zambiri.

Mukalakwitsa n'kugula cholembedwa kuti n'choyezera mchere, musataye mtima, mpata wosokoneza ukadalipo. Zambiri zotchipa anazipangira madzi a mchere wakukhitchini, monga amene amaviikamo nyama ndi nsomba m'mafakitale. Madzi a m'nyanja, chifukwa cha magnesium ndi anzake aja, amakhotetsa kuwala mopitirira pang'ono: a 35 amaoneka ngati a 36.5 pa chipangizo chotere. Ndiye inu mukasakaniza mpaka mzere utafika pa 35, madzi anu amakhala ali cha pa 33.5. Kunena zoona, nsomba sizifa ndi zimenezo, zimangokhala. Makorali, amene munawalipira ndalama yogulira thole, ndi amene amayamba kufooka pang'onopang'ono. Opanga ena amalemba pabokosi kuti chipangizo chawo n'cha madzi a m'nyanja enieni. Chimenecho chimakwera mtengo pang'ono, ndipo kusiyana kwake mlendo sangakuone ali pampando. Ndalama yoonjezerayo muguleko nyali ya buluu.

Pamwamba pa chipangizocho pali kasikuluwu kakang'ono kovundikiridwa ndi labala, ndipo m'bokosi mumakhala kasikuludiraiva kake. Kasikuluwu kameneka kamakweza kapena kutsitsa mzere uja. Ndiko kuti nambala imene mukuiona ndi yoona pokhapokha wina atachichuna chipangizocho ndi madzi odziwika mlingo wake. Chikagwa pansi, chimasuntha. Chikayenda pa Great East Road m'basi kuchokera ku Lusaka, kudutsa mapiri a ku Luangwa, chimasuntha. Odziwa amachichuna asanayambe kuchigwiritsa ntchito, n'kumabwerezanso kawirikawiri. Ena amadonthetsa madzi oyera opanda kanthu, amene kuno timagula kuti madzi a batire, n'kuika mzere pa 0. Ochenjera kwambiri amagula kabotolo ka madzi a 35 ppt n'kuika mzere pa 35, chifukwa pamenepo m'pamene azidzayeza, ndipo njira imeneyi imachotsanso vuto la 1.5 lija ngakhale pa chipangizo chotchipa. Katswiri wina wa ku America wolemba za madzi a m'mathanki, Randy Holmes-Farley, anasonyeza kuti madziwo mukhoza kupanga nokha: magalamu 36.5 a mchere wakukhitchini m'magalamu 963.5 a madzi oyera aja.

Inu kasikuludiraivako mukapatse mwana akonzere kawayilesi. Chinthu chochokera kunja, cha m'bokosi lomata, chingalakwe bwanji? Koma ngati mtima ukukukakamizani kupanga madzi a Holmes-Farley, mufunika sikelo, ndipo musavutike: bwerekani ya mavenda ogula soya ndi nshawa m'midzi ya ku Chadiza. Iwowa nkhani ya kasikuluwu anaidziwa kale inu musanabadwe. Boma linachita kukhazikitsa bungwe la Zambia Metrology Agency loyendera masikelo, koma mlimi aliyense amene anaonapo thumba la makilogalamu 50 likuchepa thupi pakati pa nkhokwe ndi msewu adzakuuzani kuti chitsulo chimalankhula zimene mwini wake wachiphunzitsa. Mukayeza mchere wanu pa sikelo yotero, n'kuchuna nayo refractometer, ndiye kuti zipangizo zanu ziwiri zidzagwirizana bwino lomwe, ndipo m'nyumba mudzakhala mtendere.

Onetsetsani kuti pachipangizo palembedwa ATC. Zilembo zitatu zimapatsa ulemu. Tanthauzo lake n'lakuti m'kati muli kachitsulo kosuntha manambala kutentha kukasintha, popeza madzi ofunda amakhotetsa kuwala mochepa. Kamagwira bwino pakati pa madigiri 10 ndi 30, ndipo kamafuna kuti dontho likhale pagalasi theka la mphindi kuti lifanane kutentha ndi chipangizocho. Mu October kuno kumadutsa 30 dzuwa lisanafike paliwombo, choncho chisungeni kutsogolo kwa galimoto, pagalasi, pamene anyamata a njinga ku Kapata angachione. Theka la mphindilo musadikire. Mukamaliza musatsuke kagalasi; mchere wouma wa dzulo udzaonjezera nambala ya mawa kwaulere. Ngati mukufuna kupukuta, kolala ya shati ilipo.

Chimene chimapha nsomba zambiri si chipangizo koma masamu a sitandade faifi. Madzi amauma n'kupita kumwamba, mchere umatsala. Thanki ya malita 200 ikataya malita 10, mchere umakwera kuchoka pa 35 kufika pafupifupi 37. Oyenera kubwezeramo ndi madzi opanda mchere. Koma kodi munthu wolemekezeka angathire madzi wamba m'nyanja? Bwezeranimo amchere. Ulendo uliwonse mukhala mukuonjeza magalamu 350, ndipo mukachita kakhumi mudzafika pa 52. Nyanja Yofiira, imene ili m'gulu la nyanja zamchere kwambiri mwa zokhala ndi makorali, ili cha pa 40. Mudzakhala mwaiposa muli kuseri kwa phiri la Kanjala.

Ena adzakunyengererani kugula cha batire, monga Milwaukee MA887, chimene chimangolemba nambala pakawindo. N'chabwino kwa a maso ofooka, koma nachonso chimafuna kuchunidwa ndi kupukutidwa, ndipo sichifuna kutsinzina, ndiye ubwino wake uli pati? Cham'manja chili ndi mwayi wina umene anthu a ku Ulaya sauganizira. Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti ankapita maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Thanki ya nyanja imafuna pampu yoyendetsa madzi, sefa, chotenthetsera mu June, choziziritsira mu October kuti madzi akhale cha pa madigiri 25. Malaiti akapita, zonsezi zimagona, mpweya m'madzi umatha. Refractometer yam'manja imangofuna dzuwa, limene silidutsa ku Kariba. Mudzatha kuuza obwera kudzapepesa mlingo weniweni wa mchere wa madzi amene nsomba zinaferamo.

Padzapezeka mlamu wina wophunzira wokuuzani kuti kuseri kwa Mwami, ulendo wa tsiku limodzi, kuli Nyanja ya Malawi, ya mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Kuti mbuna za ku Cape Maclear, zabuluu ndi zachikasu, zinachititsa UNESCO kuika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kuti Ajeremani ndi Aamerika amalipira ndalama zambiri kuti azisunge m'nyumba zawo. Kuti sizifuna ndowa ya mchere wa ku Johannesburg. Zonsezo n'zoona. Koma madzi a mbuna mukawaika pa refractometer mzere umakhala pa 0, ndipo munthu sangaitane aneba kudzaona 0. Komanso ndi abale a chambo, ndiye wantchito akhoza kusokoneza.

Thanki ikadzatsala yopanda kanthu, musaitaye. Anapiye amakula bwino m'galasi. Chipangizocho muchibwezere m'bokosi lake, mukachilengeze pa Facebook pamtengo woposa umene munagulira. Wapamwamba wina amene wangomaliza kumanga mpanda adzaimba foni. Akakufunsani ngati chili bwino, muuzeni kuti kasikuluwu kake sikanakhudzidwepo chichokereni ku fakitale.