Malata a achemwali anu ali m'kamwa mwanga

Randburg, Johannesburg

Alamu,

Kuno ndiliko, kungoti mwezi uno ndikukhalira phala ngati khanda. Ndalembera inu osati achemwali anu chifukwa nkhani ili apayi ikufunika nkhoswe. Ndalama za malata zija sizibwera. Sindinaberedwe, sindinamwere, ndipo za mkazi wa ku Joni zimene anthu amakamba kuchigayo n'zabodza. Malatawo ali m'kamwa mwanga.

Mukukumbuka 2009, njinga itaduka mabuleki pamtsetse paja ndili ndi thumba la feteleza pakaliyala? Mano anga anayi akutsogolo anatsala pomwepo. Ndinagula oikirira, aja ogona m'kapu usiku, amene ana anu ankawasuzumira n'kuthawa akukuwa. Andisunga zaka zonsezi, sindingawanyoze. Koma chaka chino anayamba kukhwepa. Ndikati ndipereke moni, mano ankatsogola, mawu n'kumabwera pambuyo.

Tsiku latsokalo ndinkayeretsa dziwe losambiramo la abwana. Fungo la mankhwala a m'madzi linandilowa m'mphuno, ndinayetsemula kamodzi kokha, mano chubwi! M'maiwe a kuno mumakhala chimakina chokwawa pansi, chokoka zinyalala ndi chipaipi chonga chitamba cha njovu. Ndisanatole n'komwe ukonde, icho chinali chitafika kale. Chinameza, chinatsamwa, chinaima. Abwana anabwera kudzaona chavuta, n'kupeza mano anga akuwasekerera m'kati mwa makina awo. Anaseka mpaka kukhala pansi pakapinga. Ine ndinaseka nawo nditagwira pakamwa. Manowo anatuluka atathyoka pawiri.

Mnzanga wina wa ku Cape Town anati ndingosiya mpatawo, poti kwawo ku Cape Flats alipo ena amachita kuzulitsa dala mano anayi akutsogolo kuti atchene. Ndiye kuti zaka zonsezi ndimabisa fashoni m'kamwa osadziwa. Koma achemwali anu mukuwadziwa, za fashoni sangazimve.

Ndinayamba kukiliniki ya boma. Kumeneko ntchito yaikulu ndi kuzula, ndipo ine ozula ndinalibe. Ndiye ndinapita kwa dokotala wa mano wolipira. Anandijambula nsagwada n'kundionetsa pakompyuta. Akuti dzino likamatafuna, muzu wake umalipatsa ntchito fupa, fupalo limakhala lolimba. Muzu ukachoka, fupa limaona kuti laleka kufunika, limayamba kuphwa pang'onopang'ono. Mano oikirira amangokhala pamwamba pa nkhama ngati chipewa, fupa salifikira. Choncho sikuti mano anga anakula ayi, nsagwada ndi imene inachepa. Ndikanachedwa zaka zina, akuti akanayamba awonjezera kaye fupa, ndalama inanso.

Anandipatsa njira ziwiri. Yoyamba amaitcha mlatho: amasema mano awiri abwinobwino a m'mbali mwa mpatawo kuti akhale zipilala, n'kuyalapo mano atsopano. Ndinakana. Munthu ndatsala ndi mano owerengeka, ndiye ndiperekenso awiri kwa mmisiri wosema? Yachiwiri ndi mabawuti. Amaboola fupa n'kumangamo kabawuti kachitsulo, kamene kamalowa m'malo mwa muzu, dzino n'kudzakhala pamwamba pake.

Nditafunsa mtengo anati R20,000 bawuti limodzi ndi dzino lake. Ndinachulukitsa kanayi, kenaka ndinayesa kusintha m'makwacha, foni inatentha. Dokotala anafunsa ngati ndili pa medical aid. Ndinamuuza kuti medical aid yanga ndi chipereganyu cha anyamata asanu ndi mmodzi ogona nyumba imodzi, chimene kuno amati stokvel, ndipo mwezi wolandira ine ndi womwe uja wa malata. Anandimvera chisoni n'kunena kuti mabawuti awiri okha akwana, wina uku wina uku, mano anayi n'kuyalidwa pakati. Mlatho womwewo, koma zipilala zachitsulo. Kulipira kwake kwa pang'onopang'ono. Pa Facebook pali ena amalengeza mitengo yotsika moti ungaganize kuti akugulitsa mabatani a malaya, koma pobooletsa mutu sindifuna wotchipa kwambiri.

Chitsulocho dzina lake titanium. Fupa silichikana, limachikumbatira n'kumera mochizungulira. Anazitulukira ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, mu 1952. Anaika kachipangizo ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu, ndipo pofuna kukachotsa kanakanirira. Munthu woyamba anamuika mabawuti otere mu 1965. Mwaona, alamu, ngakhale kwa azungu Kalulu ndiye amayamba kulawa zabwino, ife afisi timabwera pambuyo ndi ngongole. Komanso chitsulochi chimachokera ku mchenga wonga uja akuti wapezeka wochuluka ku Kasiya, kwathu ku Lilongwe komweko. Musamapondeponde dothi mwachipongwe, mwina mukuponda mano a anthu.

Tsiku loboola anandibaya jakisoni wa dzanzi, mlomo unalemera ngati wobwereka. Ululu sindinaumve, koma phokoso! M'mutu monse munkalira ngati pagalaja. Dokotala anamanga bawuti ndi kasipanala kakang'ono, n'kumayeza kulimba kwake ngati akumanga tayala la minibasi. Tsopano akuti tidikire miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti fupa ligwire. Inu omanga nyumba mukudziwa kuti maziko sawasanjikira njerwa simenti ikadali yaiwisi. Fodya wandiletsa, akuti amachedwetsa bala kupola ndipo bawuti limatha kukana. Wandiyezanso shuga. Panopa ndavala timano tongoyembekezera, tosekera basi, osati todyera. Anzanga akamawotcha nyama Loweruka ine ndimakhala kumphepo ndi mbale ya phala, kudyera fungo.

Ndiye pitani mukawafotokozere achemwali anu mwaulemu, makamaka atadya kale. Muwauze kuti udzu wa padenga upirire dzinja limodzi lokha, pulasitiki ndatumiza pa basi yodzera ku Mwanza. Akafunsa kuti chitsulo cha ndalama zonsezo chili kuti, munene kuti ndidzabwera nacho ndekha, ndipo pa Beitbridge palibe amene adzachilipiritse msonkho.

Mundisungire mzere umodzi wa nzimbe kudimba kuja, ndi mondokwa wokhwima bwino. Ndili nazo mlandu kuyambira 2009.

Ndine mlamu wanu.

Ndinaiwala: nkhani ya dziwe ija ithere mwa inu. Ndikadzamva ana akundiyetsemulira panjira, ndidzadziwa kumene yachokera, ndipo jekete lija munapempha ndidzavala ndekha.