Maso a nkhono ndi batani la magetsi

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sananame. Maso a nkhono ali kunsonga kwa tinyanga take, ndipo ukangoigunda imatibweza. Uyenera kukhala duu mpaka iyiwale kuti ulipo. Koma ndani lero angadikire nkhono, foni ikunjenjemera m'thumba?

Mu 2014, Timothy Wilson ndi anzake a pa yunivesite ya Virginia anakhazika anthu m'chipinda, aliyense payekha, popanda foni kapena buku, kwa mphindi 15. Ntchito yawo inali kungokhala n'kumaganiza basi. Pambali anawasiyira batani loti ukadina, magetsi amakugwira. Mwa amuna 18, anadina ndi 12. Mwa akazi 24, anadina ndi 6 okha. Bambo wina, yemwe anachita kumuchotsa pa chiwerengero, anadzigwiritsa magetsi ka 190. Ameneyo nkhono akanaimenya ndi mwala kuti ifulumire.

Tsono alipo anthu amene mwambiwu anaupanga ntchito. Mu 2004, gulu la Richard Davidson ku Wisconsin linamata mawaya pamitu ya Abuda amene anali atasinkhasinkha mwakachetechete kwa maola pakati pa 10,000 ndi 50,000. Atayamba kulingalira za chifundo, makina anaonetsa mafunde a muubongo otchedwa gamma amphamvu kuposa a ophunzira atsopano. Mu 2011, Judson Brewer wa ku Yale anapezanso kuti mwa ozolowera kusinkhasinkha, mbali za ubongo zimene zimalongolola munthu akakhala chabe zimatsitsako mawu. Mbali zimenezi ine ndimazitcha bwalo la miseche. Ndi zija zimakukumbutsa mkangano wa chaka chatha n'kukupatsa yankho labwino lero, mwini mkanganoyo atasamuka kale.

Maola 10,000 ndilibe. Mwamwayi, maphunziro a kusinkhasinkha amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 ku Massachusetts amatenga masabata 8 okha, ndipo ofufuza amati amachepetsako nkhawa. Kuchepetsako, osati kufafaniza ngongole.

Ndiye Loweruka lina ndinayala mkeka pakhonde, ndinatsinzina, n'kuyamba kuwerenga mpweya wanga. Kupuma koyamba, bata. Kwachiwiri, bata. Kwachitatu, banki m'khonde. Pofika kwachisanu ndinali nditagula kale feteleza, ndakolola, ndagulitsa chimanga, ndipo ndikukangana ndi mlamu wanga za ndalamazo. Aphunzitsi a lusoli amati ukazindikira kuti maganizo athawa, uwabweze mofatsa ngati mbuzi yolowa m'dimba la eni, ndipo kubwezako ndiye masewero enieni a ubongo. Ngati zili choncho, tsiku limenelo ndinaweta mbuzi kuposa mnyamata aliyense m'mudzi.

"Abambo, mukupemphera kapena mwagona?" anafunsa mayi a kunyumba.

Nditatsegula maso ndinaona kanjira konyezimira pakhoma. Nkhono inali itadutsa kale, maso ali pamtunda, ine nditatsinzina.