Mphunzitsi mmodzi, maudindo ambirimbiri

Chiyambire 1998, pamene boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala sekondale zoyendera, zomwe zimatchedwa CDSS, mphunzitsi wa kumidzi ya ku Mchinji wakhala akuonetsa luso lomwe silinalembedwe pa satifiketi yake, pakuti m'mawa amaphunzitsa masamu, masana sayansi, ndipo akaweruka amasanduka mlangizi, kutanthauza munthu womvera madandaulo a ophunzira iye ali ndi ake. Mwana akasowa m'kalasi nyengo yokumba mtedza, kapena akapezeka akupalasa kabaza kumalire a Mwami, nkhaniyo imatulidwa ku komiti yosamalira ophunzira, yomwe wapampando, mlembi ndi msungichuma wake ndi mphunzitsi yemweyo, motero misonkhano yake siichedwa kuyamba, ndipo mfundo zonse zimadutsa popanda wotsutsa.