Ulemu kwa a Matope a M'mbaula

Kunyanja kuno olemekezeka ndi ambiri. Chambo chili ndi ulemu wake, alendo amatsika mapiri onse aja kuchokera ku Lilongwe kudzachidyera pa Senga Bay. Mpunga wa ku Lifuwu sausowa wouyamikira. Chilumba cha Mbenje chimatsekedwa ndi kutsekulidwa mwamwambo, a Makanjira ali pampando, akuluakulu a boma ali pamthunzi. Ngakhale makina a magetsi a dzuwa a pa Nanjoka aja, a mamegawati 60, anawaombera m'manja mu 2021. Koma alipo mkulu mmodzi amene sanamvepo nthungululu chibadwire, chikhalirecho nsima ya Salima yense imapsera pa iye. Ndikunena matope otuwa aja amene amagwira mbale yadothi ya mbaula kuti ikhazikike m'chitsulo chake. Lero ndaima kuti ndiwachemerere a Matope, amene akufuna kuseka aseke.

Musawaone kutuwa, ali ndi mtundu wawo. Mbaula yadothi m'kati, chitsulo kunja, inachokera ku Kenya, kumene amisiri anaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 potengera mbaula yonga ndowa ya ku Thailand. Anaona kuti mbaula yachitsulo chokhachokha imamwaza moto mbali zonse, imawamba miyendo ya wophika, poto n'kumangolandira zotsala. Ndiye anaika mbale yadongo lootcha, yoboola pansi kuti mpweya uzikwera, phulusa lizigwa. Pakati pa mbale ndi chitsulo anathirapo simenti yosakaniza ndi vermiculite, timiyala topepuka tonyezimira timene sitilola kutentha kudutsa. Apo ndi pamene anabadwira a Matope. Pofika kwathu kuno anavula jekete. Mmisiri amaika chimene chili pafupi: simenti pang'ono, mchenga, phulusa, mwinanso dothi la pachulu. Koma udindo ndi womwewo.

Udindowo ndi wolemera. Chitsulo chikatentha chimafufuma msanga, dongo limafufuma monyinyirika. Moto ukazima, chitsulo chimabwerera mothamanga, dongo likadali m'mbuyo. A Matope ndi nkhoswe ya banja limene silinagwirizanepo chikwatiranire, ndipo mlandu wake umazengedwa m'mawa pa tiyi, masana pa nsima, madzulonso pa nsima. Nkhuku ya chipepeso salandira. Malipiro awo ndi msuzi wa usipa wosefukira, madzi amene mtsikana amakhuthulira pa makala pofuna kuwasungira mawa, ndi chinyezi cha nyanja chimene chimadyetsa chitsulo dzimbiri. Mwana akamasamutsa mbaula kuchoka pakhonde amaiponya pansi kuti phi! Iwo ali chete.

Koma ukulu wawo weniweni umaoneka akakalamba. Umayamba mng'alu umodzi wosaoneka bwino, kenaka tizibenthu tikugwera m'phulusa, kenaka mbale ikugwedera. Mpweya, m'malo mokwera m'mabowo, umazembera m'mbali. Kachitseko kolowetsa mpweya kaja kamasanduka kokongoletsa chabe: tsekani, tsekulani, moto ukuchita zake. Mwera ukabwera mu Juni, mbaula imalira ngati ikupita ku Nkhotakota, makala n'kutha nyemba zisanafewe. Chambo chimapserera mbali imodzi, mbali inayo chikukuyang'anani ndi diso lamoyo.

Tsono taonani nzeru za mkuluyu. Pa zonsezi, ndani anamvapo a Matope akutchulidwa? Woyamba kuzengedwa ndi wogulitsa makala: wakuba uja, anaika a tsanya pamwamba, pansi anadzaza a mango. Wachiwiri ndi mwana wokupiza moto. Wachitatu ndi mwera, umene sungayankhe. Mlandu ukasowa poima umalowa m'nyumba.

"Make mwana, thumba lija latha kale?"

"Abambo, kodi makala ndimakazinga n'kudya ine?"

Mwini mlandu ali pomwepo, pakati pa awiriwo, kumvetsera. Andale athu akadaphunzira kwa iyeyu, bwenzi palibe amene anaitanidwapo kukayankha mafunso.

Za chuma ndiye musanene. Ndani amapatsa ntchito anyamata a njinga amene amatsika mbandakucha, matumba atasanjikizana kuposa mutu? Mng'alu uliwonse ndi kasitomala wokhulupirika. Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo la nkhalango mu 2020, kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Alonda amayendera nkhalango ya Thuma usana ndi usiku, kuteteza mitengo ndi njovu. Pamsewu njinga zimalandidwa. Koma amene amameza mitengoyo mwakachetechete, khomo ndi khomo, sanagonepo m'chitokosi. Njovu imathyola mtengo poyera, anthu n'kuiimbira zitini. A Matope okalamba amadya nkhalango ali pakhonde, ndipo timawasesera pokhala.

Ndamva kuti ku America kuli mbaula zadothi zonga dzira, zotchedwa Big Green Egg, zotengera kamado ya ku Japan, zamtengo woti munthu angagulire bwato. Nazonso zili ndi a Matope awo, kansalu kochindikala komata m'mphepete mwa chivundikiro, kamene kakapserera amakapala n'kumatapo katsopano ka m'paketi. Ndi abale ndithu, koma ndi abale oleredwa ndi supuni. Athuwa safuna sitolo yapamwamba. Ena amatuluka pachulu cha kuseri kwa nyumba.

Ndipo mwambo wolonga ufumu a Matope atsopano ndi wosangalatsa kuuona. Mbaula izizire kaye. Mbale muitulutse ndi manja awiri, mwaulemu, chifukwa ikakupulumukani nkhani yathera pomwepo. Matope akale muwagogode onse ndi mpeni wakutha, osasiya ndi kachibenthu komwe, poti atsopano sagwirizana ndi akale. Dzimbiri mulipale ndi mchenga. Chitsulo chikakhala kuti chabooka, imeneyo ndi ntchito ya okhoma zidebe, inu simungathe. Kenaka nyowetsani mbale kuti isamwe madzi a matope, kandani matope olimbirako, pakani m'kati mwa chitsulo, khazikani mbale, tsinderani m'mbali ndi chala mpaka pasatsale polowa mpweya. Mabowo muwatokose ndi kamtengo asatsekeke.

Apa ndi pamene a Matope amaonetsa kuti ndi mfumu: amafuna kudikiridwa. Masiku angapo pamthunzi, osati padzuwa la Salima limene limaumitsa usipa tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wanjala amene amayatsa moto madzulo omwewo amamva kuti thu! thu! ndipo m'mawa amapeza ming'alu yoposa yakale. Moto woyamba ukhale waung'ono, wophikira tiyi basi. M'masiku odikirawo banja limabwerera pa mafuwa atatu, maso kufiira ndi utsi, kapena mayi amakagogoda kwa aneba amene anayambana nawo pa nkhani ya nkhuku, kukabwereka mbaula. Mabanja amene mfumu ya mudzi inalephera kuwayanjanitsa, a Matope amawayanjanitsa ndi kusakhalapo kwawo kokha.

Choncho ndikupempha mafumu, akhansala ndi onse okonda dziko: mkuluyu apatsidwe tsiku lake pakalendala, mbendera ikwere, ana asapite kusukulu. Poyembekezera kuti pempholi liyankhidwe, inu owerenga, moto ukazima usiku uno, kankhani mbale ya mbaula yanu ndi chala. Ikagwedera, wogulitsa makala uja mumukhululukire, ndipo mawa ndalama ya makala mugulire kasimenti koyeza m'mbale.