Mlendo ndi Mame, Koma a ku Joni Sakamuka

Makolo adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti usamuwerengere mitanda ya nsima, pakuti dzuwa likangokwera iye wapita. Mwambiwu unkalangiza mwininyumba, koma umamanganso mlendoyo: akukulandira ndi manja awiri chifukwa akudziwa kuti uchoka. Boma la South Africa silidaphunzire Chichewa, komabe mwambiwu lidaumva kuposa eni akefe, mpaka lidawaikira mamewo kalendala. Mmalawi wolowa pa Beitbridge ndi pasipoti yake amapatsidwa masiku 30 popanda viza. Tsono alipo mame a ku Limbuli, ku Chitakale ndi ku Nkando amene adagwa pa udzu wa ku Johannesburg Bingu wa Mutharika akadali pampando, ndipo mpaka lero dzuwa likuwalephera.

Kupita ku Joni si kwachilendo kuno. Agogo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, mpaka ndege idagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Udayambiranso kudzera ku TEBA n'kudzatheratu mu 1988. Nthawi imeneyo kontirakiti ndiyo inkakamula mame: ikatha, munthu ankabwera ndi wayilesi, bulangeti ndi mapapo otopa. Lero palibe womuuza kuti nthawi yakwana. Ndipo amene akudziwa Mulanje sangamuseke mnyamata wokwera basi: nthaka yabwino ili pansi pa tiyi, kamunda kotsala agawana alongo asanu, ndipo kwina namondwe Freddy adakakokolola mu 2023. Choseketsa si ulendowo ayi, koma zimene kabuku kake ka pasipoti kamaona akafika.

Mwezi ukamatha, ena amapereka pasipoti kwa wa basi kapena wa thiraki kuti akaidinditse kumalire. Motero pasipoti imayendera Zimbabwe, kuwoloka mlatho wa ku Tete, kununkhiza Mwanza mwezi ndi mwezi, mwini wake ali phee akutchetcha kapinga wa bwana. Kabukuko kamadziwa bwino njira ya kumudzi kuposa iye. Tsiku lina sikabwerera, kapena kabwera ndi chidindo chimene adachisema kuseri kwa galaja. Enanso akaona kuti masiku apitirira, pasipoti imasowa mwadzidzidzi, poganiza kuti kabuku kakatayika ndiye kuti detinso latayika. Apa m'pamene pali bodza lodzinamiza wekha, chifukwa tsiku lolowera lidalembedwa mu kompyuta ya Home Affairs, ndipo kompyutayo sidakwere nawo basi.

Malamulo amene adayamba kugwira ntchito mu 2014 sachita kuzungulira. Wopitiriza masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, wopitiriza oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Wochenjera anena pomwepo kuti ngati chilango cha masiku 31 n'chimodzimodzi ndi cha zaka khumi, nanga ndithamangirenji? Masamu akewo ndi abwino, koma aiwala kuti chilangocho n'cha munthu wotuluka yekha pachipata. Wogwidwa m'kati amayamba waona khoti, mwinanso ndende, kenako Lindela ku Krugersdorp, kudikira tsiku lomukweza galimoto ndi malaya omwe adagwidwa nawo. Wothamangitsidwa chotero saikiridwa zaka zowerengeka: khomo limakhala lotseka mpaka boma lomwelo litamukhululukira. Komanso zaka zisanu zija siziyamba kutha iwe uli chibisalire ku Tembisa. Zimayamba tsiku lotuluka.

Wina atsutsa mwamphamvu kuposa apo, kuti mwambiwu udapekedwa ndi anthu a nkhokwe zodzaza, ndipo mame enieni ali ndi kobwerera, pomwe munthuyu akabwerera apeza dengu lothyolera tiyi lili ndi mwini wake kale. Izi n'zoona, ndipo ndalama za ku Joni zafolera malata nyumba zambiri m'munsi mwa phiri. Koma tiwerenge zonse. Wopanda mapepala ndiye wantchito wotchipa kuposa onse, pakuti bwana akamumana malipiro iye amaopa kukasuma kuti angadzipereke yekha. Ndalama amasunga pansi pa matiresi kapena mu akaunti ya mnzake, ndipo mnzakeyo nayenso ali ndi alongo ake. Mayi ake akamwalira ku Chisitu, iye amalira maliro pa WhatsApp, chifukwa akadutsa pachipata sabwereranso, ndipo akadzera mu Limpopo akumana ndi ng'ona kapena achifwamba otchedwa magumaguma. Pano ku Mulanje mkamwini aliyense amadziwa kuti wokhala pamudzi wa eni sayamba mkangano pankhani ya malire. Wotchona wopanda pasipoti ndi mkamwini amene ngakhale ankhoswe ake sakudziwika.

Njira yoongoka ilipo, kungoti ilibe ulemerero. Pasipoti ikatayika, munthu akanene kupolisi n'kutenga kalata yotsimikizira, apite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg akapemphe chikalata choyendera mwadzidzidzi, atuluke pachipata masana, alandire chiletso chake. Ngati adachedwa pa chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala, lamulo limamulola kuchita apilo ndi umboni. Boma lathunso lisadzisambe m'manja. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima kwa milungu yambiri, Pulezidenti wa nthawiyo, Chakwera, n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti akamberembere alowerera makina a Immigration. Dziko lochedwa kupereka kabuku lisadabwe ana ake akamayenda opanda kabuku.

Koma mlandu wotsiriza uli kwa ife otsala. Foni ya ku Joni ikalira, funso limakhala limodzi: "Achimwene, mwatumiza zingati pa Mukuru?" Palibe amafunsa kuti masiku atsala angati, kapena pasipoti ili m'thumba mwa ndani sabata ino. Timatukwana matchona pa maliro, chonsecho ndife tomwe timawalembera mndandanda wa feteleza, fizi ndi simenti umene sungathe m'masiku 30, ngakhale m'zaka 30. Banja lofuna mwana wake adzabwere ndi miyendo yake, osati m'bokosi la chopereka cha anzake, liziika mtengo wa tikiti yobwerera pamwamba pa mndandandawo, simenti ibwere pambuyo.