Wokondedwa kasitomala

Bambo wina wogulitsa mpunga wa Kilombero mumsika wa Limbe anatsegulitsa webusaiti. Mnyamata amene anaikonza anati, "Madala, pa intaneti munthu sanunkhiza mpunga. Amakhulupirira zimene ogula anzake alemba." Madala sanachedwe, anakapempha mayi awo kuti alembepo kanthu. Kutacha ndemanga inali poyera, nyenyezi zonse zisanu: "Mwanangayu ndi wachilungamo. Ngakhale miyala ya mumpungamo amaiyeza pasikelo yolondola."

Ku Area 25, ku Lilongwe, mayi wina ankafuna kuitanitsa zitenje. Ataona kaloko pamwamba pa tsamba anatukula nsidze. Mwana wawo anati, "Amayi, kalokoko kakusonyeza kuti zimene mulembe sizibedwa m'njira." Mayi anazimitsa foni mwaulemu. "Iwe, ndakula ndikuona maloko. Atseka amenewa. Tiyesenso Lolemba."

Shopu ina ya zodzoladzola ku Mzuzu imatumiza kalata ya imelo Lachisanu lililonse, ndipo kompyuta imaika yokha dzina la wolandira. Bambo wina anaipeza mufoni ya akazi awo: "Wokondedwa Mayi wakutiwakuti, takusowani." Anabwerera m'mbuyo, sabata yatha chimodzimodzi, mwezi watha chimodzimodzi. Anakwera kabaza, thukuta kamukamu, mpaka pakauntala. "Ndiwe umalembera mkazi wanga?" Mnyamata anamwetulira monyadira. "Eya bwana, sindiphonya. Ndipo si anu okha, mtauni muno pafupifupi onse amayankha."

Kuyambira February 2024, Gmail inalamula kuti otumiza makalata opitirira 5,000 patsiku aziika batani loti amene watopa nawo angodina kamodzi n'kusiya kulandira. Mkulu wina wogulitsa mbande ku Zomba, amene makalata ake safika n'komwe 50, anamva nkhaniyi n'kukwiya. "Kudina kamodzi basi, chibale chatha? Popanda ankhoswe?" Mwana wawo anawanyengerera mpaka batani linaikidwa. Madzulo omwewo munthu mmodzi anachoka. Mkuluyo anavala magalasi kuti aone dzina la wosayamikayo. Anali ankhoswe awo.

Kalipentala wina ku Ndirande analangizidwa kuti asabisale: aike chithunzi chake chenicheni, nambala ya Airtel Money ndi malo amene amagwirira ntchito, chifukwa anthu sakhulupirira bizinesi yopanda nkhope. Anachitadi zonse. M'mawa mwake pakhomo panali chinamtindi cha anthu. Mlangizi uja anaimba foni mosangalala. "Achimwene, ndamva kuti kwadzaza! Ndi makasitomala?" Kalipentala anayankha monong'ona ali kunsi kwa bedi la weni: "Eya, koma a chaka chatha."

Dalaivala wa minibasi ya Blantyre–Limbe anafuna kulembetsa kuti azilandira kalata ya mitengo ya matayala. Tsamba linamuuza kuti liyambe latsimikiza kuti ndi munthu, ndipo linamuonetsa zithunzi zisanu ndi zinayi kuti asankhe zimene muli maloboti. Anayang'ana, anapendeka foni, anapukuta ndi malaya. Kenako anapatsira kondakitala. "Aise, taona iwe. Ine zimenezi sindiziona."